Pulani ya pa intaneti ikafika m'manja mwa mmisiri wa ku Mangochi

Sitima ya Chauncy Maples, ija yakhala zaka zambiri pa doko la Monkey Bay, sinabwere kuno yathunthu. Anaipanga ku Glasgow m'dziko la Scotland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ataimaliza n'kuiphwasulanso kukhala zidutswa 3,481. Zidutswazo zinaoloka nyanja yamchere, zinakwera Zambezi ndi Shire, pamene pali mathithi zinayenda pamitu ya anthu, mpaka kufika kuno kumwera kwa nyanja yathu. Chidutswa chilichonse chinali chodindidwa nambala kuti olumikiza adziwe kuti ichi chikumana ndi chiti. Tsoka lake, atadinda manambalawo anaviika zitsulo m'mankhwala otchinga dzimbiri, aja amakutira malata, ndipo manambala anakwiririka. Zitsulo zinafika zonse, koma amisiri anachita kufufuza okha pomwe chilichonse chikhale. Zinawatengera zaka ziwiri, sitima n'kulowa m'madzi mu 1901.

Nkhaniyi imandibwerera ndikadutsa pamsika n'kuona mnyamata wokonza mafoni atatsamiza foni yake ku botolo, akuonera vidiyo ya munthu wa ku India amene akutsegula foni ya mtundu womwewo. Amaimitsa, kubweza m'mbuyo, kumasula sikuluwu imodzi, kuonanso. Chihindi sachimva n'pang'ono pomwe, amangotsata manja. Chomwe akukoka pa intanetipo ndi chija chinatayika pa zitsulo za sitima: chiyambe n'chiti, chitsatire n'chiti, muyeso wake ndi wotani. Matabwa, simenti ndi waya zimafuna lole kuti zifike ku Makanjira. Dongosolo la kapangidwe limatha kufika pa foni, ndipo masiku ano pali malo ambiri pomwe amisiri a m'maiko osiyanasiyana amasonkherana dongosolo lotere, wina kuikapo chomwe wapanga, ena kuyesa, kukonza ndi kuonjezera.

Akusonkhawo ndi ndani

Amodzi mwa malo akale ndi Instructables, omwe Eric Wilhelm ndi Saul Griffith anayambitsa ku America mu 2005, kampani ya Autodesk n'kudzawagula mu 2011. Munthu akapanga chinthu, kaya ndi mpando wopinda, ngolo yokoka ndi njinga kapena chofungatira mazira, amajambula chithunzi pa sitepe iliyonse n'kulemba zipangizo ndi miyeso yake. Ena akayesa, amabwera kudzaika zithunzi za chawo ndi kunena pomwe zinawakanika. Ine mawu a oyesawa ndimayamba ndawawerenga ndisanaone pulani yeniyeniyo, chifukwa mwini pulani amaonetsa tsiku lomwe chinthu chinatheka, pamene woyesa ndi amene amakuuza kuti mwendo wa mpando unathyoka patatha mwezi.

iFixit ndi ya okonza zoonongeka. Anaiyamba mu 2003 ophunzira awiri a ku California, Kyle Wiens ndi Luke Soules, atasowa buku lowatsogolera kukonza laputopu. Lero ili ndi malangizo zikwizikwi, ndipo pa chithunzi chilichonse sikuluwu yoti imasulidwe amaizunguliza ndi kamzere kuti musasokoneze. Chotivuta ife n'choti mafoni odzaza m'matumba mwathu, Itel ndi Tecno, sanalembedwe mokwanira ngati iPhone ndi Samsung, popeza olemba ambiri amakhala kumene mafoni athuwa sapezeka. N'chifukwa chake mnyamata wa pamsika uja amathera kwa okonza a ku India, Pakistan ndi Nigeria pa YouTube. Appropedia, yomwe inayamba mu 2006, ndiyo ili pafupi kwambiri ndi moyo wa kumudzi: mbaula zosatha nkhuni, zimbudzi, mapampu a chingwe, matanki okololera madzi a mvula, zoumitsira zipatso ndi dzuwa.

Appropedia ndi iFixit zimayenda ngati Wikipedia, kutanthauza kuti wowerenga akhoza kusintha tsamba. Munthu akamva koyamba amafunsa kuti nanga wina akalowapo n'kulemba zabodza? Chitetezo chake chili m'kaundula. Kusintha kulikonse kumasungidwa pamodzi ndi tsiku lake, moti cholakwa chimaoneka ndipo chimabwezedwa. Kaundulayu ndi wothandiza kwa inu mmisiri, chifukwa amakuonetsani ngati tsamba ladutsa m'manja ambiri kapena analilemba munthu mmodzi zaka khumi zapitazo n'kulisiya. Tsamba la munthu mmodzi si loipa ayi, koma mulitenge ngati mawu a mlendo amene simunamuone akugwira ntchito.

Palinso nkhani ya umwini. Ambirife tinaidziwira ku COSOMA ndi nyimbo: cha mwini sukopera popanda chilolezo. Bungwe la Creative Commons, lomwe linakhazikitsidwa mu 2001, linakonza zilolezo zoti mwini azipereka pasadakhale, ndipo mumazizindikira ndi zilembo pansi pa tsamba. BY ndiye kuti koperani koma mutchule mwini. SA ndiye kuti mukasintha kapena kumasulira, chanucho muchigawenso mwa ufulu womwewo. NC imaletsa kuchita malonda ndi zolembazo, ND imaletsa kuzisintha. Kwa ife chachikulu n'choti tsamba la BY ndi SA mphunzitsi wa ku Namwera akhoza kulimasulira m'Chichewa kapena m'Chiyao, kulisindikiza ndi kugawira ana popanda kulembera kalata aliyense.

Wina asaganize kuti kugawana pulani ndi nzeru yobwera ndi mafoni. Mjigo womwe amayi amapukusa m'midzi yambiri ya kuno ndi wa mtundu wa Afridev, ndipo chiyambi chake chili m'Malawi momwe muno, pa mjigo wotchedwa Maldev womwe unapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenaka amisiri ena n'kudzaupititsa patsogolo ku Kenya. Pulani yake ilibe mwini woitsekera. Fakitale iliyonse ikhoza kupanga, bola itsate miyeso, ndipo zojambula zake ndi buku la kakonzedwe zimapezeka mwaulere kudzera ku Rural Water Supply Network. Anaupanga dala kuti sipanala imodzi ndi kachitsulo kovuulira zikwane, ndi kuti timipira takutha tituluke osazula mapaipi. Zotsatira zake timaziona tokha: kampira kogula m'sitolo ya pa boma kamalowa pa mjigo wa ku Katuli ngakhale anaupanga ku India. Manambala a mjigo sanakwiririke.

Ena anafuna kuchita zazikulu kuposa apa. Marcin Jakubowski, mbadwa ya ku Poland, anayambitsa Open Source Ecology mu 2003, ndipo pa famu yake ku Missouri anakonza zoti pakhale mapulani aulere a makina 50, kuphatikizapo thalakitala ndi makina oumbira njerwa za dothi. Maganizowo ndimawalemekeza, koma ambiri mwa makinawo amafuna zitsulo zokhuthala ndi mapampu a mafuta omwe wowotcherera wa ku Chiponde sangawapeze pafupi. Pulani ikhoza kukhala yaulere, zipangizo zake n'kukhala ku Johannesburg.

Dzanja limamva mosiyana ndi khutu

Chifukwa chiyani kuphunzira popanga kumakhazikika kuposa kuphunzira pomvera? Seymour Papert, amene anabadwira ku Pretoria mu 1928, n'kudzagwira ntchito ndi Jean Piaget, katswiri wa kaganizidwe ka ana, ku Geneva asanapite ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, anathera moyo wake pa funso limeneli. Mfundo yake inali yoti munthu amamanga nzeru m'mutu pamene akumanga chinthu chooneka, choti ena achigwire, achiyese ndi kuchitsutsa. Aliyense amene anapindapo galimoto ya mawaya ali mwana akuidziwa kale mfundoyi. Chiongolero chikakana kukhota, palibe mphunzitsi wokupatsa ziro. Galimoto yomweyo ndiyo imakuuza kuti walakwa, ndipo umabwerera kukaona ya mnzako kuti iye anakoleka bwanji waya wa kumateyala. Galimoto ikatha, pulani yake anyamata onse a pamudzi amakhala ataiphunzira, wina ataonjezerapo masipuling'i, wina malaiti a batire. Zomwe zikuchitika pa intaneti ndi bwalo lomwelo, lakula chabe.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analibe intaneti. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu, ankabwereka mabuku m'kalaibulale ka pamudzi, ndipo popeza Chingerezi chinkamuvuta, ankatsata zojambula n'kumalondola mawu omwe aikidwa pa chojambulacho. Ali ndi zaka 14 anaimika makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, fani ya thalakitala ndi mapaipi a pulasitiki. Intaneti anakaiona bwino mu 2007 ku TED, msonkhano wogawana nzeru zatsopano, ku Arusha, n'kupeza kuti zomwe anazivutikira miyezi zinali zolembedwa kale. Chomwe ndimatolapo pa mbiri yake n'choti buku silinamuuze za njinga yakutha. Linamupatsa mfundo ya momwe magetsi amapangikira, iye n'kuyang'ana pa dzala kuti apeze choimira chipangizo chilichonse. Ntchito imeneyi, yosandutsa pulani ya kwina kukhala ya kuno, intaneti singakugwirireni.

Kalumo ka mlendo

Akulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, koma kalumoko anakanolera tsitsi la kwawo. Chitsanzo chomwe ndachiona pa madenga angapo ndi cha sola. Mavidiyo ambiri amachokera ku America, ku Ulaya ndi ku India, ndipo onse amanena kuti sola iyang'ane kumwera. Kwawoko n'zolondola chifukwa ali kumpoto kwa ikweta. Mangochi ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa ikweta, choncho miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene limatsika kwambiri. Limakhala chakumwera kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro a Febuluwale basi. Sola ya kuno iyang'ane kumpoto, yopendekeka pafupifupi madigiri 15, zomwe zimathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Wotsata vidiyo osaganiza amataya mphamvu m'miyezi yozizira, n'kumanena kuti anamugulitsa sola yabodza.

Miyeso nayo imakola anthu. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Thabwa lomwe Amereka amalitcha 2 by 4 akalipala limakhala mamilimita 38 ndi 89, pamene la ocheka athu limabwera losapala ndipo makulidwe ake amasiyana thabwa ndi thabwa, moti mukadula zonse motsata pepala musanayeze matabwa anu, mfundo sizikumana. Galoni ya ku America ndi malita 3.8, ya ku Britain ndi 4.5. Magetsi a m'nyumba ku America ndi mavolti 120, athu ndi 230. Ndipo palibe pulani ya ku Ulaya yomwe imakumbutsa za chiswe, pamene kuno mtengo wa paini wokhudza dothi umakhala chakudya nyengo imodzi isanathe.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tichitsate mpaka kumapeto, chifukwa apa ndi pamene phindu la malo ophunzirirawa limaonekera. Asodzi a kauni, aja okopa nsomba ndi kuwala usiku, anachoka pa nyali za palafini, ambiri tsopano amayatsa mababu a batire, ndipo dandaulo la eni zilimira ndi lofanana: batire silikhalitsa. Kuwerengera kwake kuli pa masamba ambiri a za sola, ndipo mwana wa Fomu 2 akhoza kukuchita. Tinene kuti siginala, msodzi woyatsa nyali zokopa nsomba, ali ndi mababu 4 a mawati 10 lililonse, ndipo amayaka maola 8. Mababu onse pamodzi ndi mawati 40, kuchulukitsa ndi maola 8 tipeza 320. Tikagawa ndi mavolti 12 a batire tipeza pafupifupi 27, ndiwo ma Ah omwe usiku umodzi umadya, zilembo zija zimalembedwa pambali pa batire. Tsono batire la mtovu ndi asidi silifuna kukamidwa kupitirira theka. Ndiye kuti usiku wa 27 umafuna batire la 60 kapena 70 Ah. Amene ali ndi la 35 amalikama pafupifupi mpaka pansi usiku uliwonse, ndipo limafa m'miyezi yochepa. Batire la galimoto limafa msanga koposa, chifukwa timapuleti take ta mtovu ndi topyapyala, anatipangira kulizitsa injini kwa kamphindi, osati kuyatsa usiku wonse.

Nanga sola yodzazira? Kuno dzuwa lamphamvu tingaliwerengere maola 5 pa tsiku. Sola ya mawati 100 ingapereke 500, koma kutentha, fumbi, mawaya ndi batire lenilenilo zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, n'kutsala cha m'ma 330. Ikukwana ndendende pa usiku wa 320, popanda chosungira tsiku la mitambo. Pakati pa sola ndi batire pakhale kontirola, kachipangizo koteteza batire kuti lisadzaze mopitirira, ndipo pafupi ndi batire pakhale fyuzi, chifukwa waya akagundana m'bwato batire limatulutsa moto wokwana kusungunula chitsulo. Kamita koyezera magetsi kamathetsa mikangano yambiri. Batire lodzaza, litapuma maola angapo, limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.1 lafika pa theka. Sola yolembedwa 100 iyenera kutulutsa maampu pakati pa 5 ndi 6 pa dzuwa la masana, ndipo ikatulutsa 2, chomata chakumbuyo chikunama. Munthu amene wawerengera zimenezi kamodzi pa bwato lake, n'kuyeza ndi kamita, wamvetsa malamulo a magetsi kuposa amene analoweza pokonzekera mayeso.

Chitsanzo china chili pa thandala. Nsomba yaiwisi pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi, ndipo nthawi ya dzinja usipa umaola kapena kuchita chuku usanaume, ntchentche zili pomwepo. Pakati pa zaka za m'ma 2010, ofufuza a ku Chancellor College, nthambi ya boma ya usodzi ndi bungwe la WorldFish anayesa matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa m'magombe a Mangochi ndi Salima. Ndi kanyumba ka mitengo kokutidwa ndi pulasitiki woonekera, mathandala ali m'kati. Mapulani a zoumitsira zotere ndi ambiri pa intaneti, koma woona chithunzi chokha amaganiza kuti chinsinsi ndi kutentha, n'kutseka paliponse. Akatero nsomba zimaphikika m'thukuta lawo lomwe. Choumitsa ndi mpweya woyenda. Mpweya ukatentha umanyamula chinyezi chambiri ndipo umakwera, choncho pamafunika mazenera a m'munsi olowetsa mpweya watsopano ndi ena kumwamba otulutsa wonyowawo, onse otchinga ndi waya wa sefa kuletsa ntchentche. Pulasitiki wake akhale uja wokhuthala mamaikironi 200 wopirira dzuwa, amene amakutira nyumba zolimamo mbewu, chifukwa wamba wa m'sitolo dzuwa la Mangochi limamuphwanya m'miyezi yowerengeka. Ndipo palibe pulani ya kunja yomwe imadziwa mwera. Mayi wa ku Msaka kapena ku Malembo ndi amene angakuuzeni mbali yomwe mphepo imamenya kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kuti tenti isaime mopingasa n'kung'ambika sabata yoyamba.

Za njerwa ndingonena mwachidule. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo ambiri akufunsa za njerwa za dothi losakaniza simenti pang'ono, zotsindira pa makina a manja. Makina oterewa anayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambula zake zafalikira. Koma njerwa imalimba kapena kufumbutuka malinga ndi dothi. Thirani dothi m'botolo loonekera, onjezani madzi, khutchumulani, muliike pansi. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, matope osalala amatsatira, dongo limatenga tsiku kapena kuposa. Dothi labwino limakhala la mchenga wambiri ndi dongo lochepa longogwirizitsa. La kudambo, lija limang'aluka m'chilimwe, limangodya simenti. Mukaumba, njerwa zikhale pamthunzi zofunditsidwa, muzizithirira kwa sabata yathunthu, pakuti simenti imalimba ndi chinyezi ndipo imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28.

Tsono pali mabodza, ndipo ena ndi oopsa. Pa Facebook, TikTok ndi YouTube pamayenda mavidiyo a jenereta yoyenda yokha ndi maginito, yopanda mafuta, dzuwa kapena mphepo. Mnyamata wina wa kwathu anagulitsa mbuzi kuti agule mamota ndi maginito, ndipo zinandiwawa kumuona akudziimba mlandu kuti mwina walumikiza molakwa. Sanalakwe. Makina sangatulutse mphamvu yoposa yomwe yalowa, ndipo m'mavidiyo amenewo mumakhala batire lobisika. Wojambula amalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa oonera, chinthucho chigwire ntchito kapena ayi. Chizindikiro cha vidiyo yonama n'choti mulibe miyeso, mulibe kamita, chithunzi chimadumpha pamalo ofunika, ndipo palibe wina amene wabwera kudzaonetsa chake chikugwira. Zina zimagwiradi ntchito koma zimapha: makina owotcherera opota pamanja mawaya ali pamtunda, mabatire a lithiamu ochotsa m'malaputopu n'kuwalumikiza popanda kabodi kowateteza, uvuni wootchera nsomba wopangidwa ndi mgolo womwe munali mankhwala. Kuwotcherera chitsulo chokutidwa ngati malata kumatulutsa utsi wodwalitsa, ndipo magalasi a dzuwa satchinga maso ku moto wa wotcherera. Pa ntchito ya magetsi a ESCOM, denga lolemera kapena boti lonyamula anthu, vidiyo ikhale yokonzekeretsa, mmisiri wodziwa aime pambali panu.

Bandulo, Chingerezi ndi zomwe sitinalembe

Zonsezi zimafuna bandulo, ndipo ya Airtel kapena TNM simachedwa kutha pa vidiyo. Njira zochepetsera zilipo. Vidiyo yophunzirira imaoneka bwinobwino pa 360p, ndipo mukhoza kuichepetsa liwiro kuti manja a mmisiri muwaone bwino. Tsamba la zithunzi ndi mawu limadya pang'ono kwambiri poyerekeza ndi vidiyo. Pulogalamu ya Kiwix, yomwe inayamba mu 2007, imalola kukopera Wikipedia kapena iFixit kamodzi n'kumawerenga popanda netiweki, ndipo ikaikidwa pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, mafoni a kalasi yonse amatha kulumikizako. Malo ophunzirira zaluso zamakono ngati mHub ali ku Lilongwe, kutali ndi mwana wa ku Makanjira. Koma pa sitolo iliyonse ya kumudzi pali mnyamata wa kompyuta woika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore. Ndimalakalaka anyamata amenewa atakhala ndi foda ya zaumisiri, yosankhidwa ndi amisiri odziwa, yoti munthu azitengako momwe amatengera nyimbo. Njira yofalitsira tili nayo kale, chosowa ndi katundu wake.

Chingerezi ndi mpanda wina, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018. Tili ndi sukulu ya usodzi ku Mpwepwe, malo okonzera sitima ku Monkey Bay komwe Ilala inalumikizidwa n'kuyamba kuyenda mu 1951, okhoma maboti m'mbali mwa nyanja ndi ku Malombe, osoka chilimira, oumba mbaula za Chitetezo, okonza injini za maboti amene amamva vuto ndi khutu lokha, owotcherera mipando ya kabaza yonyamula munthu ndi thumba la chimanga. Lembani pa intaneti m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti mufufuze kakhomedwe ka boti la matabwa, muone zomwe zituluke. Timatenga kwambiri, kuikapo pang'ono. M'magulu a WhatsApp a amakaniko mumadutsa nzeru zambiri, koma foni ikatayika kapena memore ikadzaza, zonse zapita, ndipo wobwera mawa amafunsanso funso lomwelo.

Kulemba pulani yoti wina aitsate ndi luso palokha. Chithunzi cha chinthu chomalizidwa n'chokopa makasitomala, wophunzira sichimuthandiza. Iye amafuna chithunzi cha sitepe iliyonse, tepi yoyezera ikuoneka pomwepo. Amafuna dzina la chipangizo monga amachitchulira m'sitolo ya hadiweya, ndi choti agwiritse ntchito chikasowa. Amafuna kudziwa chomwe munayesa n'kukanika, pakuti chimenecho ndicho chimamupulumutsira ndalama. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, mawu olankhula pa vidiyo ya mphindi zitatu amaposa tsamba lonse. Ndipo patapita chaka, bwererani mukanene ngati chinthucho chikadali chamoyo.

Mantha a amisiri ndimawamva, ndipo si opanda pake. Munthu anakhala zaka zisanu akusesa mapalo ndi kunyamula matabwa kwa abwana ake asanamulole kugwira sowo, lero aike zonse pa foni kuti aliyense atenge? Pa gombe limodzi makasitomala ndi owerengeka. Komabe ine ndimaona kuti wogula boti amagula manja ndi dzina la mmisiri, ndipo pepala la miyeso silipatsa munthu diso lodziwa thabwa lomwe lidzapindike. Ngakhale maphunziro a TEVETA, omwe anakhazikitsidwa mwa lamulo mu 1999, amatumiza ophunzira kukagwira ntchito kwa amisiri, chifukwa zina sizilowa m'buku. Chomwe chimatayika mmisiri akamwalira osalemba ndi chija chikanatha kulembedwa, ndipo ana ambiri a amisiriwa ali ku Joni.

Amalume anga amakhoma maboti, ndipo mwezi wathawu ndinawapempha kuti tilembe limodzi boti lomwe anali atangoliyamba. Poyamba anakana. Kenaka anati, "Iwe mphwanga, ulemba chiyani poti ine tepi sindigwira?" N'zoonadi, amayeza ndi kandodo kawo ka nsungwi kokhala ndi mabala, ndi chikhatho. Ndinawayankha kuti, "Amalume, inu yezani monga mwa masiku onse, ine ndizibwera pambuyo ndi tepi." Tinayamba ndi kandodoko, bala lililonse ndinaliyeza m'mamilimita n'kulemba ntchito yake: ili ndi la mpata wa pakati pa nthiti, ili ndi la kuya kwa pakati, ili ndi la pomwe thabwa la kumbuyo likhuthalire kuti linyamule injini. Pa nthiti yachinayi tinatsutsana. Ine tepi inkandionetsa kuti ya kumanzere yasiyana ndi ya kumanja ndi mamilimita 12, iwo anati asiyira dala chifukwa thabwalo likadali laliwisi ndipo likoka likamauma. Ndinalemba miyeso yonse iwiri, ndi mawu awo pambali, ndi tsiku lake. Boti lili pa nthiti yachisanu ndi chiwiri tsopano. Tagwirizana kuti nthiti yachinayi ija tidzaiyezanso tisanamate phula.